Moni wa a Vitalis

Chalimbana, Chongwe
14 Novembala 1998

Okondedwa akulu anga a Nelesi,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino ku Kateteko pamodzi ndi alamu. Ife tilipo, mvula yoyamba yagwa, koma ine mtima suli m'malo.

Mukukumbukira kuti amuna anga a Vitalis atamwalira, abale awo anasesa m'nyumba muno mpaka masupuni. Kompyuta yokha anaisiya, osati chifukwa cha chifundo ayi. Malemuwo, ndi nthabwala zawo zija, anajambuliramo mawu awo, moti ukaiyatsa inkati, "Mwauka bwanji, amake Chipo?" Mng'ono wawo atangoiyatsa kuti aone ngati ikugwira ntchito, anathawa n'kusiya chipewa pampando. Kuyambira tsiku limenelo palibe wa kwawo amene anapondanso pano, ngakhale kudzandisudzula monga mwa mwambo.

Kompyutayo ndi imene ikutidyetsa, pakuti ndimatayipira ophunzira a kukoleji. M'mawa uliwonse a Vitalis ankandipatsa moni, ine n'kuyankha, Chipo ali chilili pakhomo akumvetsera. Paja maliro aja anachitika iye akadali kumsana. Ine ndinafika pomaopa ngakhale kuseka ndi munthu wamwamuna pamsika, ngati kuti m'mawa mwake a Vitalis adzandifunsa.

Mwezi wathawu kompyutayo inayamba kuima pakati pa ntchito n'kumameza zolemba za eni ake. A Mavis, amene ankaphunzitsa limodzi ndi malemu, anati yalowa vairasi, ndipo pulogalamu yoiyendetsa iyenera kuikidwa yatsopano. Ma CD ake akale anapita ndi kabati imene abale aja anatenga. Loweruka masana a Mavis anabwera ndi pulogalamu ina yotchedwa Linux. Akuti ndi yaulere, aliyense atha kupatsako mnzake popanda mlandu.

"Ba Clementina, iyi izafafaniza vonse vili mukati," anatero a Mavis. "Nisungeko mau ya ba Vitalis pa disiketi?"

Ndisaname, akulu anga, ndinali nditatopa kukhala mkazi wa munthu amene ali kumanda.

"Asiyeni apumule," ndinayankha.

Anandifunsanso, ine osasintha. Kenako kompyuta nayo inafunsa m'Chingerezi ngati tatsimikiza. A Mavis anachotsapo manja, akuti batani limenelo si lawo. Ndinadina ndekha. Mizere yoyera inayamba kuthamanga pagalasi lakuda, ife tikumwa tiyi.

Tsopano siimanso, ngakhale njira zake ndikuziphunzirabe. Koma ikayaka imangodikira, ili zii. Lolemba ndinangodzimva ndikuti, "Ndauka bwino, kaya inu," m'chipinda mulibe wondifunsa. Nditacheuka ndinaona Chipo pakhomo paja.

"Amama, atate sanauke lelo?"

Apa mpamene ndinazindikira kuti ine ndinangoganiza za kutopa kwanga. Mwanayu sadziwa bambo wina koma mawu amene aja. Ndinathamangira kwa a Mavis, koma akuti chimene chafafanizidwa motero sichibwerera. Ndikumva chisoni chimene sindinamve ngakhale tsiku loika maliro.

Chonde funsani alamu ngati kaseti imene anajambula paukwati wathu ikadalipo. A Vitalis anayankhulamo pothokoza anthu. Ngakhale ikhale yodyekadyeka, itumizeni ndi aliyense wobwera ku Lusaka.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi musawauze. Chipo nayenso akupereka moni. Ndamuuza kuti atate ake atopa, akugona kaye, ndipo m'mawa uliwonse akumadutsa pakhomo paja monyang'ama kuti asawadzutse.

Ndine mng'ono wanu,
Clementina