Kabudula wa a Kepa Walowa M'mbiri ya Tauni

Aphungu,

Ndikulengeza ku mtundu wonse kuti kabudula wamkati wa amuna anga, a Kepa, wa mizere yobiriwira uja, tsopano ndi chimodzi mwa zokopa alendo kuno ku Lekeitio. Ali pa nambala yachitatu, pambuyo pa tchalitchi ndi kachilumba.

Timakhala m'nyumba yam'mwamba yoyang'ana doko, ndipo ndimayanika zochapa pakhonde monga ankachitira malemu amayi anga. Anansi onse mumsewu wathu anasamuka, nyumba zawo amagonekamo alendo. Chingwe chatsala changa chokha. Ndiye m'mawa uliwonse kamtsikana koperekeza alendo kamaima pansipa, ambulera m'mwamba, n'kumati, "Taonani, umu ndi momwe ankakhalira alenje a anangumi!" Maso onse dwii pa kabudula, mafoni ali kalikiliki.

Aphungu, a Kepa sanaphepo nangumi. Ntchito yawo inali yokonza mafiriji a m'maboti.

Lamulungu, ali ku bala, mnzawo wosewera naye makhadi, a Patxi, anawaonetsa chithunzicho pafoni. Akuti anati, "Kepa, mbendera yako ikupepera mpaka ku Japan! Koma lasitiki watha uyu, uwauze alamu akugulire wina, ukuchititsa manyazi tauni." A Kepa atabwera kunyumba nsomba yowotcha sanaikhudze n'komwe. Anangoti, "Mayi a Uxue, tiyeni tisamukire ku Durango kwa mwana wathu. Nyumbayi tiwasiyire alendowo, aziyanika zawo."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Sabata ino ayamba kufunsa za makatoni. Ine ndinabadwira m'nyumba ino, ndipo ku Durango kulibe nyanja. Ndisankhe amuna kapena khonde?

A.Z., Lekeitio

Mayi A.Z.,

Choyamba, mafuno abwino. Ine ndinakalambira kuyunivesite ndikuwerenga mbiri ya magombe ano, koma palibe anandijambulapo ngakhale sokosi. A Kepa alowa m'mbiri osatsegula buku.

Za kabudulazo n'zosavuta. Gulani watsopano, a Patxi sananame, ndipo muziyanika kuseri kwa nsalu yoyala pabedi. Kamtsikanako musakakalipire, nakonso kakusaka chakudya. Kaitaneni kadzamwe khofi, a Kepa akafotokozere bwinobwino za mafiriji. Ndikulonjeza kuti mawa lake kadzadutsitsa alendo msewu wina.

Koma tiuzane zoona, mayi. Mwamuna sasamuka tauni chifukwa cha lasitiki. Afunseni kuti pa tebulo lamakhadi lija atsala angati. Ndikukayika ngati amakwanabe anayi osabwereka mwini bala. Kusekedwa ndi a Patxi sikupweteka. Chikuwadya n'choti owaseka akutha, ndipo akuopa kutsala okha ngati chingwe chanucho.

Ndiye musakangane za khonde. Pitani nawo ku Durango mukakhale mwezi wathunthu, makatoni muwasiye. Akaone okha momwe tsiku limatalikira kwa munthu yemwe alibe boti loti alinyoze. Akabwerako akufunabe kusamuka, khalani pansi mukambirane ngati akulu, mwana wanu Uxue ali pomwepo, chifukwa nayenso mwina sanafunsidwe.

Chenjezo langa ndi limodzi: musapereke makiyi mu Ogasiti, alendo ali pikitipikiti, mitima ili m'mwamba. Dikirani Febuluwale, mvula itawathamangitsa onse, doko litabwerera kwa eni ake. Chigamulo cha nthawi imeneyo ndicho chanu.

Ine kwathu n'ku Getaria, ndipo ife tinapereka makiyi mu Ogasiti. Chaka chatha ndinapitako. Pakhonde la amayi anga panali matawulo a alendo. Ndinayenda msewu wonse mpaka ndinapeza chingwe chimodzi chokhala ndi maepuloni a gogo wina ndi masokosi osiyana mitundu. Panali gulu pansi pake. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinadikira mpata wanga, n'kujambula.

Aphungu