Mlendo wa Amayi

Lachisanu, 11 Ogasiti

Sitima yapamadzi yafika mochedwa, mphepo. Evdokia watsika atavala chipewa ngati ambulera, mwamuna wake Craig akukoka masutikesi pambuyo. Mng'ono wanga yemwe uja, zaka zonsezi ali ku Melbourne, akuti wabwera kudzapuma pachilumba. Wakoka mpweya padoko, ati, "Achemwali, mumakhala m'paradizo inu!" Ine manja atatuwa ndi kuchapa nsalu za m'zipinda za alendo.

Amayi, amene ndimachita kuwanyamula pampando m'mawa uliwonse, aimirira okha atamuona. Okha!

Loweruka, 12 Ogasiti

Ndawapatsa chipinda choyang'ana kunyanja. Ajeremani awiri amachifuna, ndawabweza.

Amayi: "Marigo, kathyolere mwanayu nkhuyu." Mwana wa imvi zopaka mankhwala. Kukwera mumtengo ine, kuyamikiridwa iye, ati taonani mmene akudyera bwino.

Lolemba, 14 Ogasiti

E. tsiku lonse kunyanja, wabwerako akunyezimira mafuta. Akujambula chilichonse, mphaka, chitseko chathu chakutha chija, bulu wa a Stamatis. Wandijambula nanenso ndikuyanika zovala. "Musatembenuke achemwali, chonchi zikuoneka zachikalekale." Ndiye kuti ine ndi buluyo n'chimodzimodzi.

Kusitolo a Kalliopi amauza mnzawo kuti, "Wanzeru ndi amene anachokayo." Sanandione, ndinali kuseri kwa mashelefu.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Chikondwerero cha Amayi Mariya kutchalitchi cha paphiri. M'mawa ndinawaveka ndekha Amayi ndolo zagolide za agogo. Pofika masana zili m'makutu mwa E. A Kalliopi atafunsa, Amayi ati, "Nanga Marigo angazivalire kuti? Kukhitchini?" Tebulo lonse kuseka. Ine chilili, mbale ya nyama ya mbuzi m'manja. Ndinasekanso, nanga n'kutani.

Craig wavina ngati akupha nyerere, anthu m'manja kuwomba.

Lachitatu, 16 Ogasiti

E. sindinamuyankhule.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Pachakudya E. wati dzinja likayamba adzawatenga Amayi apite ku Melbourne. "Inu mupumeko, achemwali." Akunena ngati akubwereka mpando. Amayi mano onse panja, akufunsa za ndege.

Ndiye nyumba ino ndizikhala ndi ndani, mphaka?

Ndamuuza kuti, "Osadikira dzinja. Mawa ndi ako tsiku lonse, kuyambira kuwadzutsa." Wati palibe vuto. Sindinamuuze chilichonse, za nthawi yopita nawo kuchimbudzi, za phewa lawo lowawa lija, ayi. Iyenso sanafunse.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Ndinachoka m'mamawa n'kukakhala padoko ngati mlendo, khofi patebulo, miyendo pampando wina. Khofiyo sanakome. Dzuwa lisanafike pamutu ndinangoona Craig akutsetsereka wefuwefu, nkhope psuu. "Marigo, Mama, Mama!" Mawu a chilankhulo chathu amadziwa omwewo basi.

Amayi anadziipitsira pampando. Anachita manyazi kupempha, anangopirira mpaka zinakanika. E. anawafikitsa kubafa koma Amayiwo anamukankhira panja. Ndinamupeza ataima pakhomo, ndolo zili lendelende.

Ndinagogoda. Mkatimo mawu ang'onoang'ono: "Ndiwe Marigo? Lowa wekha. Mlendoyo asandione chonchi."

E. anamva. Ndinamuyang'ana dala kuti ndione nkhope yake. Sabata yonse ndimafuna zimenezi. Anangotsegula pakamwa n'kutseka, ngati tsiku lija ali wamng'ono ngalawa ya Bambo itamusiya padoko.

Ndinalowa, ndinawavula, ndinawasambitsa monga mwa masiku onse. Kunjako ndimamva burashi ikukwecha pansi, ndi munthu akufwenthera mobisa.

Itakwana nthawi yowadzutsa ndinaika mkono wanga kukhwapa kwawo, kenako ndinaima. Ndinatsegula chitseko.

"Evdokia, bwera ndi thaulo. Ugwire kumanzereku, pang'onopang'ono, ndi phewa limene limawawa."

Analowa mawondo atanyowa. Amayi anatsinzina, nkhope kukhoma. Koma mkonowo anaupereka.