Bolodi Yomwe Inagunda a Annette

Loweruka, 3 Meyi

Ndasamba kawiri, mchenga sukuchoka m'tsitsi.

Kugombe la Scarborough, 7 koloko m'mawa, ngati Loweruka lililonse. Kagulu kathu kosambira, azimayi asanu ndi mmodzi. Mbendera anali asanazike, alonda a pagombe asanafike. Mafunde akuluakulu kuposa sabata yatha. Okwera mafunde ndi mabolodi awo, matabwa oimapo aja, ali mbwee chakumpoto kwathu.

Zinachitika mwachangu. Funde, munthu akukuwa, kenako bolodi ikuuluka yokha, mwini wake kulibe. Inawapeza a Annette kumaso. A Annette, zaka 71, omwe anandiphunzitsa kulowa m'nyanja ya mchere ine wa ku Dedza, amene ndinkaopa ndi dziwe lofika m'mawondo lomwe. Magazi m'madzi amaoneka ambiri. Tinawakokera kumtunda ine ndi Katherine, mnzathu wa m'gulu. Kuwachirikiza khosi, kupanikiza bala ndi thaulo, kuwafunsa dzina, kuwafunsa tsiku. Unesi unkagwira ntchito wokha, ine mwini ndinali kwina.

Mwini bolodi uja anatulukira chapatali. Anaima, anayang'ana kwa ife. Kenako masitepe, ulendo kumagalimoto, bolodi m'khwapa.

Nkhope ndinaiona bwinobwino. A Flywell, amuna a Gladness.

Ambulansi itanyamuka panabwera mzungu wa imvi, nayenso wa bolodi, madzi akuchucha. Akuti ndi Jeff. "Munthu uja ndi wa ku Africa. Ukumudziwa?"

Ndinati ayi. Mawuwo anatuluka ndisanaganize.

Lamulungu, 4 Meyi

Kutchalitchi Gladness anakhala pambali panga, anandibwereka buku la nyimbo. Akuti amuna ake anakwera ndege dzulo masana kupita kumgodi, masabata awiri. Akuti ananyamuka osadya, mwina ndi chimfine. Sakudziwa kalikonse.

Gladness yemweyu anandilandira pabwalo la ndege mu 2019. Miyezi inayi m'nyumba mwawo ku Bentley, ine pakama, iwo awiri pa matiresi pabalaza. Anandionetsa pokwerera sitima ya ku Murdoch. Anandiyeseza mafunso a intavyu mpaka ndinasiya kuchita chibwibwi. Mayi anga atamwalira ndi a Flywell omwe anandiperekeza kubwalo la ndege, mbandakucha, osadandaula.

Uthenga wa Katherine: fupa la patsaya lathyoka, diso lakumanzere latupa, madokotala sakunena kanthu kaye. Ndine nesi. Ndikudziwa tanthauzo lake dokotala akamati tidikire kaye.

Ulaliki sindinaumve.

Lachiwiri, 6 Meyi

Shifiti ya m'mawa. Ndinalemba mankhwala pa tchati cha wodwala wina, mwamwayi ndinazindikira ndisanapereke. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pantchito, sizinandichitikirepo.

Nditaweruka, sitima mpaka m'tauni kukawaona a Annette. Awachita opaleshoni dzulo. Theka la nkhope m'mabandeji, theka linalo a Annette omwe aja, kudandaula kuti tiyi wa m'chipatala ndi madzi otentha chabe.

Za malamulo a m'madzi amazinena ngati katekisimu, ngakhale ali chigonere. Mbendera zofiira ndi zachikasu zikazikidwa, pakati pake ndi pa osambira, bolodi isapondepo. Zikakhala palibe, aliyense ayang'anire mnzake. Wa bolodi ali ndi chinthu cholimba chothamanga, ndiye azipatuka ndi iyeyo, ndipo asamachitaye m'manja kumbuyo kwake kuli anthu. Koma nafenso osambira tisamakayandame pomwe iwo amanyamukira. "Ngozi ndi ngozi, Anna," anatero. "Zaka makumi asanu m'madzi amenewa, ndagundidwapo, ndagundapo anthu. Chikundipweteka n'choti sanabwere kudzaona ngati ndikupuma."

Ndinawakonzera pilo.

Lachinayi, 8 Meyi

A Flywell aimba kuchokera kumgodi, nthawi ya nkhomaliro. Kumbuyo phokoso la makina.

Akuti funde linali lawo, iwo ndi amene anali pafupi ndi pomwe limayambira kusweka, ndipo lamulo la a mabolodi ndi lomwelo. Mnyamata wina anawalowerera kutsogolo, iwo pomupewa anakhotera kumwera, n'kuona mitu ya anthu. Anadumpha. Chingwe cha kumwendo chinaduka, chinali chakale, amangoti agula mawa, agula mawa.

Ndinati zonsezo ndamva, nanga kuthawa?

Kenako za mapepala. Pempho lawo lokhazikika m'dziko muno lili m'njira, chaka chachitatu akudikira. Akuti dzina likangolembedwa kupolisi basi zatha, iwo, Gladness, ana, onse kubwerera. Kaya n'zoona kaya ndi mantha, sindikudziwa. Iwonso sakudziwa.

"Alamu, chonde musamuuze Gladness."

Ndinati mayi aja akhoza kutaya diso.

"Alamu, pamalo paja sipasambira anthu. Ndipo ine ndinaona makapu awiri, zipewa zanu zosambirira zija. Yoyera ndi yachikasu. Yachikasu ndi imene inali patsogolo."

Ndinadula foni.

Lachisanu, 9 Meyi

Kapu yachikasu ndi yanga.

Ndawerenganso zomwe ndinalemba Loweruka. Ndinanama ndi m'buku langa lomwe, loti saliwerenga munthu.

Zinali chonchi. Ndinkafuna kusambira mpaka kuponya mikono mazana awiri osaima, koyamba. Mutu m'madzi, kuwerenga, osadzuka kuyang'ana nyumba ya nsanjika yomwe timayezera mzere wathu. Madzi ankandikokera kumpoto ine osamva. Anzanga anaima pamalo pathu. A Annette anandiona ndikulowa pakati pa mabolodi, anakuwa, sindinamve, ananditsatira. Anandigwira phazi. Ndinadzuka ndikuseka, kufuna kuwauza kuti ndafika 180. Funde ndi pomwe linabwera. Anandikankhira pansi, iwo anatsala pamwamba.

Bolodi ija inkayenera kugunda ine.

Katherine anaona. Sananene kanthu mpaka lero. A Annette nawonso, Lachiwiri lija, malamulo onse aja anawatchula osandiloza chala.

Ndaphika, sindinadye.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinapita kugombe, zosambira m'chikwama. Sindinazitulutse.

Kwaipa. Nkhani yafalikira pa tsamba la pa intaneti la anthu a m'deralo. Osambira akuti mabolodi aletsedwe mbali yonse ija m'mawa. A mabolodi akuti azimayi a makapu amayandama paliponse ngati nyanja ndi ya agogo awo. Anthu oti amapatsana moni zaka ndi zaka lero kudutsana ngati sadziwana. Katherine ndi mayi wina wa bolodi analozana zala pa shawa.

Kenako a Kenani. Injiniya wa ku Zambia, ndimawadziwa pang'ono, tinakumanapo pa ukwati. Analowa ndi bolodi yawo osadziwa kanthu. Amuna atatu anawazungulira m'madzi momwemo. Mawu sindinamve, manja okha ndinkaona, kuloza kumtunda. Funde lililonse akafuna kunyamuka, wina kuwatsekera. Anatuluka. Pamchenga anthu mafoni m'mwamba kuwajambula.

Atandiona anabwera molunjika. "Sisita, nachita chani ine? Wiki yatha nenze ku saiti, ku nchito."

Ndinapita kwa Jeff. Ndinati awa si iwo, asiyeni.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wadziwa bwanji kuti si iyeyu, poti uja sunamudziwe?"

Anagwedeza mutu, anapita kukalankhula ndi anzake aja. A Kenani anamanga bolodi padenga la galimoto. Bambo wamkulu, wa ana ake, kuchititsidwa manyazi chifukwa cha ayi wanga.

Lolemba, 12 Meyi

Ndamuuza Gladness. M'galimoto mwake, pamalo oimikapo magalimoto kuchipatala komwe timagwira ntchito limodzi, tonse tili m'yunifolomu.

Poyamba anaseka, akuti a Flywell sangathawe munthu wovulala, anthu oti amaima kuthandiza ndi galu yemwe pamsewu. Nditamuonetsa foni, nthawi yomwe anaimba Lachinayi, anasiya kuseka.

Ndinamuuzanso za ine, za kapu yachikasu. Ndinati Lachitatu ndikawauza a Annette zonse, ndi dzina lomwe.

"Ndiye walakwitsa ndiwe, olipira akhale ana anga?"

Ndinati a Kenani nawonso ali ndi ana.

"Anna, unagona pakama panga."

Ndinati ndikukumbuka.

"Tsika."

Ndinatsika. Ndinayenda wapansi mpaka kusiteshoni, mvula ikuwaza, ambulera ili m'galimoto mwake.

Lachitatu, 14 Meyi

A Annette atuluka, ali kwawo. Kanyumba kakang'ono, mawetisuti atatu, zovala zawo zosambirira, pachingwe kuseri, ouma kale.

Ndinayamba ndi zanga. Anandidula. "Zimenezo ndikuzidziwa, ndinalipo. Unasochera, ndinakutsatira, ndinasankha ndekha. Aliyense wophunzira amasochera."

Ndiye ndinanena zinazo. Kuti munthu uja ndimamudziwa. Kuti ndinamukana pamaso pa Jeff magazi awo ali m'manja mwanga. Kuti Lachiwiri ndinakhala pambali pa bedi lawo, iwo akudandaula, ine dzina lili pakamwa.

Diso limodzi lija linandiyang'ana osaphethira. Bola akanakalipa.

Anafunsa chifukwa. Ndinafotokoza za mapepala, za Gladness, za mmene timakhalira kuno, ochepa, aliyense atagwira mnzake malaya. Pozinena m'Chingerezi zinkamveka zopepuka.

"Abwere yekha, ndi miyendo yake. Zina ndiona ndikamuona." Sanalonjeze kanthu za polisi. Kenako anati atopa, nditseke chitseko potuluka.

Tiyi yemwe anandithirira ndinamusiya osamwa.

Ndawalembera a Flywell. Adiresi, ndi mawu a a Annette ndendende. Awerenga. Sanayankhe.

Lachisanu, 16 Meyi

Palibe yankho. Gladness tinakumana m'khonde la wodi, anayang'ana khoma.

Pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi wina walemba za anthu ogulitsa abale awo kwa azungu. Dzina sanatchule. Anthu asanu ndi awiri ayikapo timanja topemphera.

Ndege ya a Flywell ikutera mawa 10 koloko.

Lamulungu, 18 Meyi

Anabwera.

Dzulo 3 koloko masana, hutala panja. Gladness pa chiwongolero, a Flywell pambali, akadali ndi malaya a kumgodi. Gladness anangoti, "Kwera, njira ukuidziwa ndiwe." Ulendo wonse mawu ake ndi omwewo.

Pageti a Flywell anakhala m'galimoto mphindi zingapo, manja pamaondo. Gladness anatsika, anazungulira, anawatsegulira chitseko.

M'nyumba tinapezamo Jeff. A Annette anali atamuitana.

A Flywell anafuna kugwada, a Annette anati akhale pampando, pamalo poti awaone. Anafotokoza zonse, za funde, za wowalowerera, za chingwe. Jeff anati za kulowereredwa n'zoona, anaona, ndipo mnyamatayo wamulankhula kale. Koma chingwe chakale ndi mlandu wa mwini bolodi, ndipo funde likhale lako chotani, ukaona mutu wa munthu umalisiya, bolodi n'kuikumbatira. Pa za kuthawa a Flywell analephera kumaliza. Bambo wa ndevu zake, misozi mpaka m'kolala.

A Annette anati kupolisi sapita. Koma Loweruka likudzali, 7 koloko, a Flywell akaime pamchenga pamaso pa osambira ndi a mabolodi, anene okha kuti ndi iwo, ndipo a Kenani akhalepo amve. Jeff akaima pambali pawo. Ine ndikanene za ayi wanga pomwepo.

A Flywell anavomera. Gladness anafunsa ngati anthu sakajambula. Jeff anati akajambula ndithu.

Ponditsitsa, Gladness ananditulutsira ambulera pawindo, osandiyang'ana.

Lachinayi, 22 Meyi

A Kenani ndawaimbira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti aganiza kaye ngati abwere. Sanandikhululukire, sanatukwane.

Loweruka latsala masiku awiri. Mawu anga ndayeseza pagalasi, katatu, ndikumathera pakati.

Madzulo ano a Annette aimba okha, koyamba chichitikire. Achokera kwa dokotala wa maso. Lakumanzere lapita. Kuwala pang'ono, basi, ndipo sikusintha. Anazinena ngati akunena za nyengo. Ine ndinakhala pansi m'khitchini, pa matailosi.

Ndinayamba kupepesa. Anati ndisiye, ali ndi nkhani ina. Dokotala wawalola kubwerera m'madzi pakatha masabata asanu ndi limodzi. Koma mabolodi amachokera kumpoto, ndipo tikamalowa m'nyanja kuchokera kumtunda amakhala kudzanja lamanja, pobwerera kumanzere, mbali yomwe saonanso. Akufuna munthu wosambira pambali pawo, wowaonera.

Ndinati Katherine ndi amene amatha.

"Sindinafunse Katherine."

Ndinati ine ndi amene ndinasochera, ine ndi amene ndinanama.

"Ndikudziwa. Sindinaiwale, ndipo ndikadali wokwiya. Masabata asanu ndi limodzi, Anna. Yamba kuyeseza."

Sindinalowe m'madzi kuyambira pa 3 Meyi. Ndayang'ana ndandanda, mawa ndikuyamba ntchito 1 koloko masana. Dziwe la ku Bentley amatsegula 6.