Teni tambala ya aHedi

Lolemba, 12 Malichi 1979

Zaka zinayi ku yunivesite, kuti ndidzaphunzitse Fomu 3 za magetsi osungunula mchere pa sukulu yopanda magetsi. Mu labu muli mabotolo atatu ndi mavu. AHedi, bambo Gilibati, akuti: "Madamu Zipora, ingojambulani pa bolodi." Ndijambule bwanji chinthu chikusanduka?

Ndapalasa njinga mpaka ku Nathenje. A Salumu a golosale andibwereka batire la lole yawo mpaka Lachisanu. Andifunsa kawiri ngati siliphulika.

Lachiwiri, 13

Mankhwala abuluu opopera tomato aja ndiwo kopa salifeti, mchere wa mkuwa. Ndasungunula m'botolo. Mkuwa uli m'madzimo, koma subwera poyera mpaka magetsi auitane. Umathamangira ku waya wa mayinasi n'kumata chilichonse chili pamenepo. Ndayesa ndi msomali. Wafiira! Ndavina ndekha, mavu akuonera.

Lachitatu, 14

Kalasi yodzaza. AHedi abwera "kudzangoyang'ana". Nditapempha kiyi woti timumate mkuwa, iwo atulutsa teni tambala yonyezimira, mwaulemerero ngati akupereka ng'ombe. Ine, wadigiri, ndaimangirira ku mayinasi osaitembenuza n'komwe.

Yatuluka yofiira ngati katondo. Ana kuwomba m'manja. AHedi kumwetulira, kuitembenuza, kumwetulira kuja n'kuthawa. Mbali ya chimanga yafiira, inde. Koma kuseri kwake kuli nkhope. Nkhope ija ya pakhoma la ofesi iliyonse.



Lachinayi, 15

Nkhani yafika kale pamsika wa Mitundu, itanenepa: akuti aphunzitsi apaka matope nkhope ya Mtsogoleri. A tcheyamani a chipani, bambo Maliko, atumiza uthenga kuti mawa adzaione ndalamayo ndi maso awo. Mphunzitsi wina wa kwathu anachotsedwa ntchito pa nkhani yochepa kuposa iyi, ndipo sanachoke pa basi, anamunyamula apolisi.

AHedi ndawapeza kuseri kwa ofesi akuikwecha ndi mchenga. Ndawalanda. "Bambo, kufiira tingafotokoze. Zipsera tidzati chiyani?" Akuti ndalamayo sakuikumbukanso bwino ngati inalidi yawo. Kodi! Dzulo inali ng'ombe.

Akuti tingoonetsa ina. Koma ana makumi anayi anaiona ili ndi kachibenthu m'mphepete.

Njira ilipo imodzi: kusinthanitsa mawaya. Ndalama ikakhala ku pulasi, mkuwa umaisiya n'kubwerera m'madzi. Koma ukachedwa kuitulutsa, magetsi sadziwa ulemu, amayamba kudya ndalama yeniyeniyo, mphuno ndi zonse. Ndayesa ndi msomali katatu. Sindingayeretse lero: a Maliko akapeza yoyera adzati tabisa.

Sindinadye.

Lachisanu, 16

A Maliko afika ndi a Yufi awiri, anyamata a chipani aja. Aigwira ndalama ija nthawi yaitali. "Mayi, ichi n'chiyani?"

"Theka la phunziro, bambo. Theka linalo timadikira inu."

Bodza limenelo Mulungu andikhululukire. Ndaimanga ku pulasi. AHedi aima pafupi ndi chitseko, kaya kuti alondere, kaya. Kufiira kwayamba kuyoyoka pachipumi, kenako patsaya. Panja pafika lole ya a Salumu, atachita kuikankha kuchokera kumsewu, eni ake akukuwa kuti akufuna batire lawo.

Ndaitulutsa, kutsuka, kupukuta ndi mpango. Mbee! Kuposa mmene inatulukira m'thumba.

A Maliko aiyang'anitsa padzuwa. "Ndiye kuti mumaitsuka?"

Ndisanatsegule pakamwa, aHedi achoka pachitseko paja. "Ndi maganizo anga amenewo, a tcheyamani. Ndalamayo ndi yanga."

A Maliko apisa m'thumba la jekete, atulutsa zawo zisanu ndi ziwiri zakuda bii, n'kuzindandalika patebulo panga.

"Yambani ndi iyi, mayi."