Ndabisa voti ya mwana wanga m'Baibulo

Aphungu,

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye ndikulankhula, akulemba ndi anzanga a kumpingo, Mayi Aida. Ndawauza kuti asasinthe liwu ngakhale limodzi.

Mwana wanga Ennie ndi namwino pachipatala kuno ku Bolton, dziko la azungu. Ndinamuphunzitsa ndi geni ya tomato ku Mponela, lero azungu amamudikira pamzere. Anandiitana kudzalera khanda lake kwa miyezi isanu.

Tsono kuno kukubwera chisankho. Lamulungu lapitali abusa anati tivotere munthu amene adzateteze mipingo kuti isakakamizidwe kudalitsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ine ndinati ameni mokweza, ngakhale mlendo ngati ine savota. Titafika kunyumba Ennie anati, "Amayi, munthu wa abusayo ndi yemwenso akufuna kutseka maviza. A Monde osamalira okalamba aja, amene amakupatsani nkhwani, abwerera ku Zambia ndi ana awo." Kenako anati, "Nanga Eugene ndi Harvey a khomo linalo, amene amakunyamulirani kangolo ka mwana pamasitepe, mumati ndi pachibale?" Ine ndinkayesadi ndi munthu ndi mng'ono wake, Aphungu. Tiyi wawo ndamwa kangapo konse.

Ennie amavota kudzera pa positi chifukwa cha mashifiti. Lachiwiri ali kuntchito envulopu yake ya voti inafika, ine n'kuilowetsa m'Baibulo langa, pa Masalimo. Kwathu bambo ake akatchula chipani, nyumba yonse inkachonga pomwepo. Bambowo anatisiya, wamkulu ndatsala ndine. Mwanayu wafunafuna mpaka m'bini, akuti mawa aimba foni kukhonsolo. Kodi ndichonge ndekha n'kutumiza, kapena ndisunge mpaka amvere?

E.K., Bolton

Mayi E.K.,

Zonse ziwirizo ayi. Tulutsani envulopuyo lero, foni isanaimbidwe. Pepalalo ndi la Ennie, ndipo limafuna siginecha yake. Kuchonga voti ya munthu wina ndi mlandu, ndipo mlendo wopalamula akhoza kumanidwa viza yodzabweranso. Kamdzukuluko mungadzakaone kakuyamba kuyenda pa foni basi.

Mupatseni m'manja, ndipo muvomere kuti munabisa ndinu. Musanamizire wa positi. Akadzatsika mtima, muuzeni nkhawa yanu pa za mpingo. Chikhulupiriro chanu palibe amene akukulandani, ndipo kulankhula maganizo anu ndi ufulu wanu. Mumupemphe akuwerengereni zimene opikisanawo alonjeza, onse, osati zongomva paguwa kapena pa magulu a pa foni. Za Eugene ndi Harvey, tiyi uja sanasinthe kukoma. Moni apitirire.

Chenjezo langa ndi limodzi: akamachonga, musasuzumire paphewa pake. Munapsa ndi dzuwa pamsika wa Mponela kuti mwanayu azitha kudziwerengera yekha. Msiyeni awerenge.