Botolo la Wapanjira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tilipo, ndipo mayi miyendo ija yasiya kutupa.

Chikwama chamadzi munatumiza chija chinafika, zikomo kwambiri. Ndikamapalasa njinga ya nsomba kuchokera kunyanja ya Amaramba, ndimachibereka kumsana n'kumamwera pa kapaipi kake osatsika.

Koma Lachisanu pachitunda ndinapeza Che Amadu, mkulu wosoka maukonde uja, dzuwa litawalefula. Anandipempha madzi. Ndinawerama kuti amwere pa kapaipi ka paphewa panga. Iwo anaseka, amvekere, "Mwanangu, imvi zonsezi ndikuyamwe?" Ndinangowafinyira timadontho m'manja, manyazi atandigwira.

Ndinakumbuka tsiku tinkathawira ku Malawi chifukwa cha nkhondo lija, inu mutandibereka. Mayi wina wosatidziwa anatipatsa botolo lake, tonse tinamwapo.

Ndiye musakhumudwe, botolo langa lakale lija ndalimangiriranso panjinga. Chikwama n'changa, botolo n'la wapanjira.

Nkhondo inatha kalekale, achimwene, bwerani mudzawaone mayi. Mulungu akusungeni. Ndidzakuchingamirani pamalire pa Entre Lagos, botolo lili lodzaza.

Ine mng'ono wanu,
Fernando