Khomo la Mayi Ako

Wokondedwa Tahmina,

Kuno ku Rangpur tilipo, mango apsa. Chikwangwani chimene unalemba ku Dhaka chija chinafika pachipatala pathu chaka chatha. Unachita bwino kuchotsapo mawu oti "amayi", mwana wophunzira iwe.

Ndinawawerengera mayi ako: "Aliyense amene ali ndi khomo la chiberekero akayezetse khansa." Anaseka. "Sakunena ine, mlamu. Langa linatsekeka nditabereka Tahmina. Akanafuna amayi, akananena." Tinabwerera osayezetsa.

Papita chaka tsopano. Zovala za mayi ako ndikuchapa ndine, ndipo sindiziyanika panja chifukwa cha madontho a magazi. Dzulo dokotala anaitana bambo ako okha.

Unafunsa choti uwagulire mayi ako pa chikondwerero cha Idi. Ugule nsalu yoyera, mamita khumi. Usalembepo kanthu.

Ndine azakhali ako,
Rokeya